Lamulo Liyambe Lamveka Pabwalo, Kompyuta Ibwere Pambuyo

Aphunzitsi anzanga a kuno ku Fonte Boa, amene mwa inu akufuna kuphunzitsa ana kulemba mapulogalamu a kompyuta ayambe ndi nyemba, ndipo ayambe m'Chinyanja.

Ndikunena za sewero la Game of Life, lomwe katswiri wa masamu John Conway adalipeka mu 1970. Bwalo lake ndi timabokosi tondanda m'mizere ngati maenje a bawo. Kabokosi kalikonse nkamoyo kapena nkakufa, ndipo kali ndi anansi 8, kuwerenga ndi a m'ngodya omwe. Kamoyo kamakhalabe ndi moyo kakakhala ndi anansi amoyo awiri kapena atatu. Apo ayi, kamafa. Kakufa kamadzuka anansi amoyo akakwana atatu ndendende.

Jambulani timabokosito padothi, nyemba ikhale chizindikiro cha moyo. Ikani nyemba zitatu mumzere wopingasa. Lamulo likatsatidwa bwino, mzerewo umaimirira, kenako nkugonanso, osaleka. Koma ana ambiri amachotsa nyemba yoyamba asanawerenge anansi a yachiwiri, ndipo chithunzi chimasokonekera. Ndidaonapo mwana wina akudzudzula mnzake kuti, “Usachotse kaye! Tiyambe taweruza tonse, tisinthe pamodzi.” Mwanayo adatchula mfundo yomwe imapunthwitsa ngakhale akuluakulu: pulogalamu imafunika mindandanda iwiri, wina wosunga bwalo monga liliri, wina wolembamo bwalo likudzalo. Sindikhulupirira kuti akadaitulutsa mfundoyi m'Chipwitikizi, chinenero chomwe amachiyankhula mwamantha poopa kusekedwa.

Ena amati nkutaya nthawi, poti Scratch, yomwe idatuluka ku MIT mu 2007, ana adzaipeza m'Chipwitikizi kapena m'Chingerezi, ndipo mayeso nawonso sabwera m'Chinyanja. Nkhawa ya mayesoyo ndi yomveka. Komabe kuloweza kuti “se … então” ndiye “ngati … ndiye kuti” ndi ntchito ya mphindi zochepa. Chovuta nkusiyanitsa “atatu ndendende” ndi “osachepera atatu”, ndipo zotere mwana amazigwira msanga m'chinenero chomwe amakanganiramo posewera. Chigawo chathu cha Tete sichachilendo pankhaniyi: kuyambira 1993 mpaka 1997, ntchito yoyesera ya PEBIMO idaphunzitsa ana m'Chinyanja pamodzi ndi Chipwitikizi.

Tsiku lofika pakompyuta, musawaletse kutcha mindandanda yawo “lero” ndi “mawa”. Scratch imalola dzina lililonse lomwe mwana walemba.