Bokosi la mafoni pageti, mwininyumba osauzidwa

Mwapita kumsika m'mawa, pobwera mwapeza bokosi lachitsulo la kampani ya mafoni laima pageti, pomwe mayi amaika benchi ya mandasi. Ngolo siingalowenso. Mukafunsa, akuti malowo ndi a msewu, ndi a boma.

Nthawi zambiri amanena zoona, poti ambirife tidakankhira mipanda yathu m'malo a msewu. Zoti bokosilo limadwalitsa nazonso n'zamkutu: m'katimo muli nthambo zopita m'nyumba zoyandikana. Koma kodi kunena odi kumalira ndalama zingati? Makhonsolo ndi MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni kuyambira 1998, akakamize makampani kuonana ndi eninyumba asadakumbe. Kulisendeza mamita awiri likadali papepala n'kosavuta. Akathira simenti, ngoloyo izigona panja.