Kapepala ka milungu iwiri, ntchito ili kuti?

Anzanga akunyanja, izi mutumizirenso abale ku Neno. Akakuitanirani kakosi ka milungu iwiri ka "kumvana ndi anthu a zikhalidwe zina", musathamangire kugulitsa mbatatesi. Afunseni kaye: amene anamaliza kale, alembedwa ntchito ndi angati? Kuwerenga atsikana ndi anyamata pa chithunzi cha Facebook amatha. Mukafunsa za malipiro, zii!

Pa Zalewa, popatukira msewu wa ku Mwanza, amayi ogulitsa zipatso amanenerera mtengo ndi madalaivala a ku Mozambique tsiku lililonse. Satifiketi anaitenga kuti? Ine ndimakonza injini za maboti. Atonga, Ayao, tonse timamvana bwinobwino, bola injini ilire.

Ndalamazo bwanji osakaphunzirira zamagetsi kapena kuwotcherera kudzera ku TEVETA? Nkula ili pakhomo panu pomwepo, aise.