Denga la mkombaphala likadontha, udindo ndi wayani?

Chilimwe chikafika, misewu yafumbi yolowera m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi imalandira alendo: magulu a mipingo, ophunzira a m'makoleji ndi anthu akufuna kwabwino ochokera kunja, atanyamula malata, simenti ndi utoto. Ambiri amalunjika kusukulu za mkombaphala. Amakhoma denga, kupaka makoma, kujambulitsa zithunzi ndi ana, kenaka n'kubwerera. Palibe anganyoze ntchitoyi, chifukwa mwana amene ankaphunzirira m'chigafa cha fodya tsopano ali pamalo ouma. Koma kubwera kwa alendowa chaka ndi chaka kukuonetsa poyera kuti maphunziro a ana osakwana zaka zisanu ndi chimodzi akadali opanda mwini weniweni.

Sukuluzi sizinayambe ngati za boma. Zinafala m'zaka za m'ma 1990 pomwe Edzi inachulukitsa ana amasiye, ndipo midzi inayamba kusonkhanitsa ana pamodzi kuti adye phala ndi kusewera. Mfumu inkapereka malo, makolo n'kuumba njerwa, amayi n'kumaphika mosinthana. Boma linakhazikitsa ndondomeko yoyendetsera maphunziro a ana aang'ono mu 2003, n'kuikonzanso mu 2017, koma mtolo womanga ndi kusamala nyumbazi unatsalabe pamutu pa anthu akumudzi.

Mtolowu walemera. Kuyambira pomwe ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti ndi malata zakwera mtengo moti komiti ya makolo yodalira kusonkha chimanga singazifikire. Pali vuto linanso: malamulo a 2018 amaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi mabungwe, pofuna kuteteza mitengo. Kwa anthu okhala m'mphepete mwa nkhalango ya Ntchisi lamuloli n'lomveka, koma njerwa za simenti zimafuna ndalama, pomwe zootcha zinkangofuna thukuta ndi nkhuni.

Thandizo lalikulu lilipo, kungoti silifika ponseponse. Mu 2018 Banki Yaikulu Padziko Lonse inavomereza ndalama zokwana 60 miliyoni dola za ntchito yotukula ana aang'ono m'maboma 13. Dowa inali m'gululi, Ntchisi munalibe, ngakhale mabomawa ndi oyandikana ndipo mavuto awo n'ngofanana. Mabungwe enanso, monga la katswiri wa tenesi Roger Federer lomwe lakhala likugwira ntchito ndi ActionAid kuyambira 2011, amanga sukulu zachitsanzo m'madera ena m'dziko muno. Zotsalazo n'zomwe zimadikira mlendo wodutsa.

Apa ndi pomwe pafunika kulankhula mosapsatira. Chomwe chimatseka sukulu ya mkombaphala kawirikawiri si denga, koma mphika. Kuyambira Januwale mpaka Malichi, nkhokwe zikapepuka, phala limasowa ndipo ana amasiya kubwera. Izi zikuchitika m'dziko lomwe kafukufuku wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Nawo alezi ambiri amagwira ntchito mongodzipereka. Boma linayamba kupereka kangachepe, koma kwa owerengeka okha. Mlezi nayenso ali ndi munda wake, choncho mvula ikagwa amasankha khasu, ndipo palibe angamudzudzule. Nyumba yokongolayo imakhala yokhoma, mbuzi zikubisala mvula pakhonde.

Gulu lofuna kuthandiza lingachite bwino kuyamba ladzera ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pakhonsolo ya Dowa kapena Ntchisi, kenaka kukhala pansi ndi mfumu ndi komiti ya makolo lisanagule ngakhale msomali. Mwina anthuwo anena kuti chimbudzi ndi mjigo n'zofunika msanga kuposa utoto, kapena kuti feteleza ndi mbewu ya soya za munda wa sukulu ndizo zingasunge ana m'kalasi. Kulemba amisiri a m'mudzi momwemo kumathandizanso, pakuti mphepo ikadzasasula lata, wolikhomanso amakhala pafupi.

Ena mwa ogwira ntchito mumzinda wa Lilongwe kwawo ndi ku Mponela, Madisi, Mvera kapena Malomo, ulendo wa maola ochepa chabe. Pamagulu awo a WhatsApp ndalama za maliro zimasonkhedwa tsiku limodzi. Mvula yoyamba imayembekezeka mu Novembala, ndipo madenga amene sanakonzedwe pofika nthawiyo adzadonthanso mpaka Epulo.