Phunzirani kwa Gwape ndi Chinkhoma

Abale athu a kwa Nazombe, chaka ndi chaka mbuzi zanu zimaonda pa dzinja, pamene msipu uli wochuruka. Ena mwa inu anena kuti ndi matsenga, ena anena kuti nyama zakuthengo zadza nayo nthendayi. Koma ife tinena kuti mlandu uli pa malo amene mumangapo ziweto zanu.

Njoka za m'mimba zikhala m'nyama zakuthengo ndi zapamudzi zomwe. Njoka imodzi yaikazi ya mtundu woyamwa mwazi iikira mazira zikwizikwi tsiku limodzi, ndipo mazirawo aturuka ndi ndowe. Nthaka ikakhala yonyowa ndi yofunda, pomatha masiku 7 timphutsi tosaoneka ndi maso takwera kale pa udzu wamame. Koma dzuwa la malimwe liumitsa ndowe, nilipha timphutsi tambiri. Palinso njoka ina ya m'chiwindi, imene siingathe kufalikira popanda nkhono za m'madzi odikha, monga m'madambo otsikira ku nyanja ya Chilwa. Madzi akasefukira, monga anachitira ndi namondwe wa Freddy m'chaka cha 2023, zithaphwi zichuruka, ndipo nkhono zipeza pokhala.

Tsono taonani gwape ndi chinkhoma za m'phiri la Mulanje. Siziunjikana pamodzi, koma ziyenda imodziimodzi kapena ziwiriziwiri. Zikonda masamba a zitsamba, amene timphutsi sitifikako, pakuti tambiri tikhala m'munsi mwa udzu, pafupi ndi nthaka. Mbuzi yanu nayo ikonda masamba otere, koma inu muimanga pa chikhomo chimodzi m'dambo dzinja lonse, nimuikakamiza kudya pamene yanyera.

Chifukwa chache tikupemphani, musaturutse mbuzi mame asanaume. Muzimange pamtunda, ndipo muzule chikhomo akapita masiku 4, osabwereranso pomwepo kufikira itapita miyezi iwiri. Muzithyolere masamba a mitengo. Mumange khola la m'mwamba, kuti ndowe zigwere pansi. Mukaona m'kati mwa chikope mwayera, kapena pansi pa chibwano patupa, fulumirani kwa mlangizi wa ziweto.

Kapena wina adzati, Ntchitoyi yachuruka, mankhwala alipo. Indetu alipo, ndipo athandiza. Koma apha njoka za m'mimba zokha, za pa udzu ziri pomwepo kulindira. Mbuzi imodzi ikafa, yapita nazo ndalama za sukulu ya mwana wanu. Kodi kuzula chikhomo kulemera koposa pamenepo?