ZA M'MAKOMBONI MWATHU: Cinsinsi ca pa Cisumbu ca Apusi

Aliyense amene anakulira pa moto wa madzulo adziwa kuti nthano iri ndi mdani mmodzi, ndiye mwana wofunsa. Agogo ali pakati pofotokoza m'mene Kalulu anamangira Njovu, ana onse akuvomera kuti "tili tonse," ndipo kamwana kena kangodula mau: "Nanga cingweco anacitenga kuti?" Masiku ano m'makomboni mwathu, ku Kanyama, ku Matero, ku Chawama ndi ku George, nthano zambiri zasamukira m'mafoni ndi m'tumashopu ta magemu m'mene anyamata amaunjikana akaweruka ku sukulu. Koma kamwana kofunsa kaja sikanafe ai. Mwezi uno ndifuna tikambirane za sewero lina la pa kompyuta limene linasautsa anthu ndi mafunso kwa zaka zoposa 30, cifukwa likutionetsa kuti mipata ya m'nkhani siiri ya mtundu umodzi.

Sewerolo ndi The Secret of Monkey Island, ndiye kuti Cinsinsi ca Cisumbu ca Apusi. Linatuluka m'caka ca 1990 ku America, ku kampani ya Lucasfilm Games, ndipo mwini nkhani anali Ron Gilbert, mothandizana ndi Dave Grossman ndi Tim Schafer. Ife a dziko lopanda nyanja ya mcere sitinaonepo acifwamba a panyanja, koma nkhaniyo njosavuta kumva. Mnyamata wina wopanda mphamvu koma wocenjera pakamwa, dzina lace Guybrush Threepwood, afika pa cisumbu ca Mêlée nanena kuti afuna kukhala wacifwamba. Apatsidwa mayeso atatu: kumenya lupanga, kuba, ndi kufukula cuma cobisika. Nkhondo ya lupanga apambana ndi mau onyoza ndi mayankho ace, osati ndi dzanja. Akondana ndi bwanamkubwa wa cisumbuco, mai Elaine Marley, amene pambuyo pace abedwa ndi mzukwa wochedwa LeChuck. Pomaliza mzukwawo uphulika utathiridwa cakumwa ca mizu ca root beer, cimene tingati ndi munkoyo wa kwao. Makolo adziwe kuti muli mizukwa ndi zidole za matsenga m'nkhaniyi, ngakhale zonse zinaikidwa mwa nthabwala.

Tsono taonani. Wosewera afika pa Cisumbu ca Apusi, ayenda ponseponse, alowa m'kamwa mwa cimutu cacikulu ca pusi, abwerako, sewero litha, koma cinsinsi cimene ciri pa dzina la sewerolo palibe amene amuuza. Uwu ndiwo mpata woyamba, ndipo ndi waukulu kuposa yonse.

M'caka ca 1991 munatuluka gawo laciwiri, Monkey Island 2: LeChuck's Revenge, ndipo m'malo motseka mpata uja, linaukulitsa. Guybrush afunafuna cuma cochedwa Big Whoop. Agwera m'dzenje, napezeka m'ngalande za pansi pa nthaka zokhala ndi magetsi ndi cikepe cokwera ndi kutsika, zinthu zosayenerana konse ndi nthawi ya zombo za matanga. M'cipinda cina apeza mafupa a atate ace ndi amai ace. LeChuck amuuza kuti iwo awiri ndi pacibale. Guybrush atamgonjetsa amvula cigoba ca kumaso, napeza kuti ndi mbale wace Chuckie. Kenaka awiriwo atuluka pa khomo ali ana ang'ono, m'bwalo la zisangalalo longa la ku Show Grounds pa nthawi ya cionetsero ca ulimi, ndipo bambo ndi mai awakalipira cifukwa cosowa. Munthu angaganize kuti basi, zonse zinali masewera a ana. Koma pocoka, Chuckie aceuka maso ace ali psuu ngati makala, ndipo kutali uko Elaine akali ciimire pamphepete pa dzenje, kudabwa kuti mnzace wacedwa ndi ciani.

Nanga coona nciti? Ngati anali masewera, Elaine akudikira ndani? Ngati anali matsenga a LeChuck, makolo aja acokera kuti, popeza mafupa ao tawaona? Gilbert anacoka pa kampaniyo m'caka ca 1992 yankho liri m'thumba.

Apa ndipo panayambira mipata ya mtundu waciwiri. Nkhani inatsala m'manja mwa kampani, ndipo anthu ena anaipitiriza. Mu The Curse of Monkey Island ya 1997 anafotokoza kuti bwalo la zisangalalo lija linali msampha umene LeChuck anamanga, ndi kuti Guybrush analodzedwa cabe. Cigamba cimeneci cinasokedwa bwino ndithu, ndipo sewerolo anthu analikonda, ngakhale za ubale wa awiriwo anangozilumpha. Koma m'caka ca 2000, mu Escape from Monkey Island, telala anasoka cigamba ca nsalu ina. Pa cisumbu paja panali nkhalamba yosokonekera, Herman Toothrot. Olemba atsopano anati nkhalambayo ndiye agogo ace a Elaine, bwanamkubwa wakale H. T. Marley, amene anakankhidwira m'madzi ozungulira kufupi ndi Australia, nakokoledwa kufika pa cisumbuco ataiwala dzina lace. Zomveka zokoma, koma buku la ulendo limene wosewera amawerenga m'gawo loyamba linena poyera kuti Toothrot anafika pa combo ca Sea Monkey pamodzi ndi kapitawo wace, akudziwika kale ndi dzina lomwelo. Munthu mmodzi sangafike pa cisumbu cimodzi kawiri kwa nthawi yoyamba. Anatinso cimutu ca pusi cija ndi mutu wa cimakina cacikulu cobisika pansi, pamene ife tinalowamo kale ndi kupeza mapanga ndi mitsinje ya moto.

Kwa ine kusiyana kwace nkwakukulu. Mpata wa Gilbert unali wadala. Iye anamwaza zizindikiro kuyambira paciyambi: makina ogulitsa zakumwa pa bwalo la wogulitsa zombo, ndiponso cuma ca pa Mêlée cimene munthu atakumba ndi thukuta apeza kuti ndi sikipa cabe. Ngakhale Herman yemweyo, m'gawo loyamba, ali ndi mpata wace woseketsa: anaphunzitsa apusi kuyendetsa combo kuti akaitane thandizo, iye mwini natsala pa gombe kudikira omupulumutsa. Pamenepo wolemba adziwa kuti mufunsa, ndipo akuseka nanu. Koma za agogo a Elaine palibe amene anali kufunsa. Linali yankho lopanda funso, ndipo linang'amba nsalu imene inali yabwinobwino. Timaziona izi ngakhale pa milandu ya m'banja: mboni yonena kuti "pamenepo sindinaone" imathandiza ankhoswe kuposa mboni yodzaza mpata uliwonse ndi zopeka zace kuti ioneke yodziwa.

Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Disney inagula Lucasfilm m'caka ca 2012, ndipo mu 2016 Gilbert anapempha poyera kuti amgulitse nkhani yace. Sanamgulitse, koma pambuyo pace anamlola kupanga gawo lina. Analengeza pa 1 April 2022, tsiku la kunamizana, mwakuti ambiri anayesa nthabwala. Ena ataona kajambulidwe katsopano anamnyoza kwambiri, kufikira iye analeka kukamba za nchitoyo poyera. Anthu omwewo amene anali kulira kuti abwerere. Return to Monkey Island inatuluka pa 19 September 2022, ndipo mu 2023 inafikanso m'mafoni.

Sewerolo liyambira pa bwalo lija la 1991, koma tsopano tiona kuti ana awiriwo ndi mwana wa Guybrush ndi mnzace Chuckie, akusewera nkhani imene anaimva kwa atate. Guybrush mwini, munthu wamkulu tsopano, wakhala pa benchi, ndipo ayamba kufotokozera mwana wace m'mene anapezera cinsinsi. Pa mapeto a ulendo wonse, pamene tiyembekeza nkhondo yaikulu ndi LeChuck, iye atsegula citseko napezeka m'bwalo la zisangalalo, acifwamba onse ali zidole zoyenda ndi makina, nthawi yotseka itakwana. Apatsidwa makiyi kuti azimitse magetsi. Bokosi la cinsinsi liri pomwepo, ndipo wofuna angalitsegule. M'katimo muli sikipa.

Ambiri anakwiya, ndipo mwana wa pa benchi nayenso adandaula kuti atate ace satha kumaliza nkhani. Ine ndiona kuti Gilbert sananame. Iye ananenapo kuti maganizo a sewerolo anawatenga ku malo a Pirates of the Caribbean ku Disneyland, kumene anali kulakalaka kutsika m'bwato ndi kuyenda pakati pa zidolezo, ndiponso m'buku la Tim Powers lochedwa On Stranger Tides. Cinsinsi cinali pamaso pathu kuyambira 1990, pa makina a zakumwa paja. Coposa apo, poika nkhani yonse m'kamwa mwa bambo wokamba ndi mwana wace, anapezera malo mipata ina yonse. Bambo wofotokoza za unyamata wace amakuza apa, naiwala apo, ndipo mawa adzanena zosiyana ndi za lero. Mwana akamgwira mau, onse aseka ndipo nkhani ipitirira. Ngakhale za agogo a Elaine zingalowe m'thumba limeneli, ngakhale ndikayika ngati olemba a 2000 anayenera cifundo cotere.

Sikuti zonse zinayankhidwa. Maso ofiira a Chuckie sanafotokozedwe bwino, mafupa a m'cipinda cija akali pomwepo, ndipo sitinauzidwe ngati Guybrush anakhaladi wacifwamba kapena anali munthu wamba wokonda bwalo la zisangalalo. Mwana akafunsa komaliza kuti cinsinsico cinali ciani kwenikweni, wosewera ndiye asankha yankho pakati pa angapo. Kenaka Elaine afika, mwanayo athamanga nacoka, Elaine anong'oneza mwamuna wace kuti wapeza mapu a cuma ca pa cisumbu cina cochedwa Mire, ndipo Guybrush atsala yekha pa benchi, ali cete.