Dzina Lobwereka Silibweza Ngongole

Akuluakulu akale adati nsalu yobwereka sithetsa usiwa. Mwambi umenewu udabadwa kalekale masitolo a zikwangwani zowala asanafike, komabe ukugwirizana kwambiri ndi mtundu wa malonda umene Azungu amautcha franchise. Pa malonda otere, munthu amagula chilolezo chogwiritsa ntchito dzina, chizindikiro ndi kachitidwe ka kampani yotchuka, koma sitolo, antchito ndi phindu zimakhala zake.

Njira imeneyi idakula kwambiri ku America. M'chaka cha 1955, Ray Kroc adatsegula malo odyera a McDonald's ku Des Plaines, m'chigawo cha Illinois, ndipo lero pafupifupi 95 mwa malo 100 alionse a dzinalo amayendetsedwa ndi anthu ogula chilolezo, osati kampani mwiniyo. Wogulayo amalipira ndalama yolowera, kenako gawo la zonse zimene wagulitsa, kaya wapindula kaya waluza.

Funso limadza pamene malonda agwa. Mlimi adapereka nkhuku ndi mbatata pa ngongole, mwini nyumba sadalandire lendi, antchito akudikira malipiro, banki ikufuna zake. Kodi onsewa akagogode pakhomo la yani?

Munthu woleredwa pa mwambo wa Achewa angaganize za mwini mbumba. Kale mwana akapalamula, malume ake ndiwo ankakhala pabwalo, nalipira mbuzi kapena nkhuku, chifukwa mlandu wa mwana unali wa mbumba yonse. Choncho ambiri amayesa kuti kampani yaikulu ndi malume wa sitolo iliyonse yokhala ndi dzina lake. Apa ndipo pali kusokera. Kampaniyo si mbale, koma ili ngati mnansi amene wabwereketsa khasu. Wobwereka khasu akakongola mbewu kwa wina, mwini khasu saitanidwa pabwalo. Kawirikawiri pangano la franchise limanena poyera kuti wogula chilolezo ndi wamalonda woima payekha, ndipo nthawi zambiri limawonjezera kuti iye adzabwezera kampaniyo ndalama ngati itazengedwa mlandu chifukwa cha zochita zake. Zimachitika ndithu kuti makhoti a maiko ena amagwira kampani yaikulu, makamaka ngati inkalamulira ntchito za tsiku ndi tsiku kapena idachititsa anthu kukhulupirira kuti sitoloyo ndi yake, koma zimenezi n'zapatalipatali.

Kunena zoona, dongosolo limeneli n'lolungama. Amene adasankha malo, nalemba antchito, nasaina pepala la ngongole, ndi yemwe akadadya phindu zinthu zikadayenda. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Sikoyenera kuti munthu azidzitcha bwana pa nthawi yokolola, njala ikafika n'kumati iye adali wantchito chabe.

Ena anganene kuti wobwereka dzinayo ndi wofooka, pakuti malamulo onse amachokera kumwamba: zogulitsa, maonekedwe a sitolo, ngakhale kogula katundu. Dandaulo limeneli lili ndi mutu, ndipo n'chifukwa chake maiko ena amamuteteza asanalowe m'khola. Ku South Africa, lamulo loteteza ogula la 2008 limafuna kuti pangano likhale lolembedwa, kuti wogula alandire chikalata chofotokoza za kampaniyo masiku 14 asanasaine, ndiponso limamupatsa masiku 10 ogwira ntchito oti asinthe maganizo popanda chilango. Chitetezo chimenechi ndi cha pakati pa iye ndi mwini dzina. Sichifafaniza ngongole ya mlimi wa nkhuku, amene pa onsewa ndiye wosauka koposa.

Pali msampha winanso. Ambiri amalembetsa kampani yawoyawo podziwa kuti pa lamulo kampani ndi munthu wapadera, mfundo imene idakhazikika ku England pa mlandu wa Salomon m'chaka cha 1896, ndipo imagwiranso ntchito ku Malawi. Koma mabanki ndi eni nyumba ndi ochenjera. Amafuna kuti mwini kampani asaine yekha monga mboni yodzalipira, kapena apereke nyumba yake ngati chikole. Akatero, mpanda uja wagwa, ndipo ngongole imalowa mpaka kuchipinda kumene ana amagona.

Mdzukulu wofuna kubwereka dzina la eni awerenge yekha pangano lonse, afunse kwa loya, ndipo asadalire mphekesera, pakuti kandimverere adakanena za m'maluwa. Nayenso wopereka katundu pa ngongole afunse dzina lenileni la amene akusaina, asanyengedwe ndi chikwangwani cha pakhomo. Tsiku lina mwini dzina adzabwera kudzachotsa chikwangwani chake, koma mlandu suwola: udzatsala ndi amene adakongola.