MTIMA WA MWANA UKAMATHAMANGA: THANDIZO LIYAMBIRE KUFUPI NDI MUDZI

Pakati pa matenda amene madokotala akhoza kuciza kotheratu masiku ano, pali nthenda ina ya mtima imene anthu ambiri a kumidzi, monga ku Sasare ndi madera a Petauke ndi Nyimba, saidziwa dzina. Mwana amene anali kusewera bwinobwino amangoima mwadzidzidzi, mtima uli di! di! di! ngati ng'oma, thukuta lili kamukamu, ndipo mwina amakomoka. Pakapita kanthawi amadzuka ngati palibe cacitika. Ena amati ndi khunyu, ena amaloza mfiti, komatu nthawi zina gwero lake lili mu mtima.

Mtima umagunda cifukwa ca mphamvu yonga ya magetsi, imene imatsika m'njira imodzi kucokera ku zipinda zake zapamwamba kupita ku zapansi. Ana ena amabadwa ndi kanjira kena kapadera, kotero kuti mphamvuyo imangozungulira, ndipo mtima umagunda koposa ka 180 pa mphindi imodzi, kapena koposa ka 220 kwa makanda. Mtundu umodzi wa nthendayi unafotokozedwa mu 1930 ndi madokotala atatu, Wolff, Parkinson ndi White, ndipo umapezeka mwa munthu mmodzi kufikira atatu pa anthu 1,000.

Kale, kudula kanjirako kunkafuna kung'amba cifuwa. Mu 1981 Dr. Melvin Scheinman wa ku San Francisco, m'dziko la America, anayamba kukonza kagundidwe ka mtima ndi kapaipi kakang'ono kochedwa catheter, ndipo pofika zaka zoyambirira za m'ma 1990 njirayi inali itafika kwa ana. Dokotala amalowetsa kapaipiko mu mtsempha wa m'mphecepece, nakakankha pang'onopang'ono kufikira mu mtima. Akapeza kanjira kolakwikako amakatentha kapena kukaziziritsa kuti kafe. Ana oposa 90 mwa 100 alionse amacira, ndipo ambiri amatuluka m'cipatala tsiku lotsatira. Ngozi yake iliponso: kanjirako kakayandikana ndi njira yeniyeni, njirayo ikhoza kuonongeka. N'cifukwa cace madokotala amakonda kuyembekeza kuti mwana apitirire makilogalamu 15, akumupatsa mankhwala, makamaka popeza makanda ambiri nthendayi imawaleka yokha asanathe caka.

Nanga mwana wa mlimi wa ku Sasare adzaufikira bwanji mwayi umenewu? Akatswiri a mtima wa ana ali ku Lusaka, pa National Heart Hospital ndi pa University Teaching Hospital, mtunda wa makilomita ngati 400 kucokera ku Petauke. Ulendowo ngwodula, koma vuto loyamba si mtunda ai. Nthendayi imaoneka bwino pa makina ojambula kagundidwe ka mtima ochedwa ECG, makamaka pa nthawi imene mtima ukuthamanga. Mwana akafika mocedwa, mtima utabwerera kale m'cimake, akhoza kupimidwa malungo cabe ndi kubwezedwa kumudzi. Motero palibe kalata yomutumizira ku Chipata kapena ku Lusaka imene idzalembedwa.

Pamenepa ndi pamene tikupempha Unduna wa Zaumoyo kuti uikepo mtima. Makina a catheter ngodula ndipo sangaikidwe m'boma lililonse, koma a ECG ngochipa powayerekeza nawo. Zipatala za Petauke, Nyimba, Minga ndi Kalindawalo ziyenera kukhala ndi makina amoyo usana ndi usiku, mapepala ace osatha, ndi anchito odziwa kuwerenga zojambulidwazo. Anamwino a m'zipatala zazing'ono aphunzitsidwe kuwerenga kugunda kwa mtima wa mwana aliyense amene wakomoka, ndi kulemba nambalayo pa khadi lace.

Nanunso makolo muli ndi mbali yanu. Ikani dzanja pacifuwa ca mwana, werengani kugunda kwace kwa mphindi imodzi, kumbukirani nthawi imene kwayambira, ndipo thamangirani ku cipatala. Khanda likakana kuyamwa ndi kupuma mofulumira, musagone nalo. Ngati pa mtundu panu wina anafa mwadzidzidzi akali wamng'ono, uzani dokotala. Funsani mosaopa, pakuti safunsa anadya phula.